Toledo si mzinda wothamangira: zomwe zinandichitikira ndili ndi mayi anga pa dzuwa la Julaye

Aliyense wofika ku Madrid, kaya pa maphunziro, pa msonkhano kapena kudzaona abale, salephera kumva dzina la Toledo. Anthu amakuuzani kuti ndi pafupi, makilomita 70 okha, sitima ndi theka la ola, mupite m'mawa mubwereko madzulo. Zonsezo n'zoona. Chimene sanena n'chakuti mzindawu uli pamwamba pa phiri la miyala, kuti m'chilimwe cha kumeneko dzuwa limaotcha mosaona nkhope, ndiponso kuti tsiku limene mwasankha ndilo limalamula zitseko zimene mukapeze zotsegula. Ine ndinapita ndi mayi anga, munthu wamkulu wodwala maondo ndi BP, Lamulungu lina mu Julaye, ndipo tsikulo linathera kuchipatala.

Tinapita ku Spain kukaonerera mwambo wa mng'ono wanga womaliza maphunziro ake ku Madrid. Mayi ndi Mkatolika wa ku Dedza, wosaphonya Misa. Atamva kuti ku Toledo ndi kumene kuli mpando wa episkopi wamkulu amene amawerengedwa woyamba mwa maepiskopi onse a Spain, anati sangabwerere kumudzi asanagwadeko m'tchalitchi chimenecho. Mng'ono wanga anali kalikiliki kulongedza katundu wotuluka m'nyumba ya lendi, choncho tinanyamuka awiri, tonse osadziwa Chisipanishi.

Vuto loyamba linatipeza pa siteshoni ya Atocha. Sitima ya ku Toledo ndi yothamanga kwambiri, ndipo tikiti iliyonse ili ndi nambala ya mpando. Palibe zoimirira, mipando ikatha yatha. Sitima zam'mawa zinali zitadzaza kale ndi alendo, tinangopeza malo pa ya cha m'ma 11 koloko. Tikiti inali pafupifupi mayuro 14 munthu mmodzi ulendo wopita wokha, ndipo yobwerera sindinagule poganiza kuti tikaona konko nthawi imene titathere. Inu gulani pa intaneti masiku angapo ulendo usanafike, yopita ndi yobwerera pamodzi, chifukwa imatsikako mtengo ndipo sitima zamadzulo ndizo zimayamba kudzaza. Mufikenso msanga, popeza zikwama zimadutsa pa makina ounika musanalowe. Kulinso basi yonyamukira pa Plaza Elíptica, yotsika mtengo, imene imatenga pafupifupi ola limodzi.

Siteshoni ya Toledo payokha ndi yokongola. Inatsegulidwa mu 1919, ndi ya njerwa, ili ndi nsanja ya wotchi, magalasi amitundumitundu ndi matailosi opangidwa motsanzira mamangidwe a Aluya. Mayi anayesa ndi tchalitchi, mpaka anachita chizindikiro cha mtanda. Titatuluka panja tinauona mzindawo uli pamwamba, nyumba zothithikana, chinyumba cha Alcázar cha nsanja zinayi chili pansonga. Mapu a mu foni anasonyeza kuti ndi ulendo wa mphindi makumi awiri ndi kena. Mapuwo sanena za chitunda. Tinasiya mabasi ndi matakisi ataima pakhomo pomwepo, n'kuyamba wapansi.

Poyamba zinali bwino. Tinawoloka mtsinje wa Tajo pa mlatho wa Alcántara, umene maziko ake ndi a nthawi ya Aroma. Ukaima pamenepo umamvetsa chifukwa chake mafumu ankaulimbirana malowa. Mtsinje wazungulira phirilo mbali zitatu m'chigwa chakuya cha matanthwe, moti mdani anali ndi njira imodzi yokha yolowera. Aroma ankautcha Toletum. Pambuyo pawo unakhala likulu la mafumu a Avisigoti, ndipo ndi muno, pa msonkhano wa maepiskopi wa mu 589, mmene mfumu Reccared inalengeza kuti yalowa Chikatolika pamodzi ndi ufumu wake. Asilamu anafika cha m'ma 711 n'kulamula zaka zoposa 370, mpaka mfumu yachikhristu Alfonso VI inautenga mu 1085. Zimenezi ndinkawawerengera mayi kuchokera m'kabuku, iwo akugwedeza mutu, koma titayamba kukwera masitepe a kutsidya ndinaona kuti akupumira m'mwamba.

Pali njira zosavuta zimene ndinazidziwa mochedwa. Mabasi a pa siteshoni amakwera mpaka pa bwalo la Zocodover, pakati penipeni pa mzinda wakale, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Palinso masitepe oyenda okha, aulere, okweza anthu kuchokera munsi mwa phiri: ena ali kufupi ndi depoti ya mabasi ya mzindawu, ena kufupi ndi chipata cha Bisagra. Muli ndi munthu wamkulu, musaganize kawiri, kwerani takisi.

Tinafika pa Zocodover thukuta lili kamukamu. Mayi anamwa madzi a m'kabotolo kamodzi kamene tinali nako, n'kunena kuti, "Tiye mwanawe, Ambuye akudikira." Tinatsika ndi msewu wa Comercio, wopanikiza, wodzaza ndi masitolo a malupanga, mbale zachitsulo chakuda zolochedwa ndi ulusi wagolide, ndi maswiti a mazapán opangidwa ndi mtedza wa almond ndi shuga. Pamwamba pa msewu anamanga nsalu zotchinga dzuwa, ndipo kumapeto kwake nsanja ya tchalitchi imaoneka ikusuzumira pakati pa nyumba. Titafika pakhomo tinauzidwa kuti Lamulungu alendo odzaona malo amalowa kuyambira 2 koloko masana, m'mawa ndi wa mapemphero. Misa imene tikanalowa mwaulere inali itangotha. Tinali pakati: taphonya Misa, koma nthawi ya alendo sinakwane.

Apa m'pamene tsiku linakhotera. Tikanangokhala pamthunzi n'kudya, bwenzi ndikulemba nkhani ina. Koma mtima unali pa ndalama za sitima ndi maola ochepa amene tinali nawo, ndiye ndinati tipite kaye kudera limene kale kunkakhala Ayuda. Ndinagula zibangili zapepala zovala pamkono, zolowera malo asanu ndi awiri pa mtengo umodzi wosafika mayuro 15 munthu mmodzi. Chibangilicho n'chothandiza ngati muli ndi nthawi, koma dziwani kuti tchalitchi chachikulu chili ndi tikiti yakeyake.

M'tchalitchi chaching'ono cha Santo Tomé muli chithunzi chimene anthu ambiri amabwerera ku Toledo, cha maliro a bwana wa ku Orgaz, chojambulidwa ndi El Greco pakati pa 1586 ndi 1588. Wojambulayu anabadwira pa chilumba cha Crete, anafika ku Toledo mu 1577 n'kukhazikika mpaka imfa yake mu 1614. Chithunzicho chadzaza khoma lonse. Munsi, Stefano woyera ndi Augustino woyera, atavala zovala zagolide, akutsitsira mtembo m'manda, kumbuyo kwawo kuli mzere wa amuna ovala zakuda ndi makolala oyera, aliyense nkhope yakeyake. Kumwamba mitambo yatseguka, Mariya ndi Yesu akulandira mzimu wa womwalirayo. Pakona pali kamnyamata kakuyang'ana iwe woonerawe, kakuloza mtembo, ndipo ameneyo ndi mwana wa El Greco mwiniwake. Mayi anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Taona mmene amugwirira mutu. Wojambulayu maliro anawaonapo." Tikanakhala nthawi yaitali, koma magulu a alendo amalowa motsatizana ndipo pokhala m'pochepa.

Kuchokera apo tinalowa mu Santa María la Blanca. Inamangidwa ngati sunagoge, amisiri ake anatsata luso la Asilamu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 inalandidwa n'kusandutsidwa tchalitchi. Mkati muli mizere ya zipilala zoyera ndi makomo ozungulira, mopanda zithunzi zambiri, mozizira bwino. Otsogolera alendo amakonda kunena kuti Toledo ndi mzinda umene Akhristu, Asilamu ndi Ayuda ankakhala mwamtendere. Mbali ina n'zoona. M'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 anthu a zipembedzo zitatuzi ankagwirira limodzi ntchito yomasulira mabuku a Chiarabu a zamankhwala, masamu ndi zakuthambo kupita m'Chilatini, ndipo nzeru zambiri zinalowa ku Ulaya kudzera khomo limeneli. Koma nyumba imene tinaimamoyo ikunenanso zina. Ayuda anaphedwa muno mu 1391, ndipo mu 1492 otsala anauzidwa kuti abatizidwe kapena atuluke m'dziko. Ine ndi Mkhristu, ndipo zinandiwawa kuimirira m'nyumba yopemphereramo imene eni ake anathamangitsidwa.

Titatuluka, dzuwa linali paliwombo. Chikwangwani cha mtanda wobiriwira pa famase ina chinkasonyeza madigiri opitirira 40. Kunali ngati ku Nsanje mu Okutobala, kungoti kuno miyala ya pansi ndi makoma zimakubwezera moto mbali zonse. Tinalunjika ku nyumba ya amonke ya San Juan de los Reyes, mtunda waufupi ndithu. Mayi anali atasiya kuyankhula, ine n'kumayesa akusinkhasinkha za zimene taona. Kenako anaima, anagwira khoma, n'kunena motsitsa kuti, "Mwanawe, maso akuchita mdima." Ndisanawagwire bwino anali atakhala pansi, nkhope itatuwa, thukuta lozizira, ndipo anasanza.

Mantha amene ndinamva sindingawafotokoze. Ndinakuwa m'Chichewa, kenako m'Chingerezi. Mayi wina wa m'sitolo yapafupi anathamanga ndi mpando, madzi ndi nsalu yonyowa, anawaika nsaluyo pakhosi n'kumawakupiza ndi katoni. Ndiye anaimba 112, nambala ya ngozi imene imagwira ntchito m'maiko onse a European Union, yaulere pa foni iliyonse. Isungeni. Ambulansi inavutika kulowa m'timisewu timeneto koma inafika. Anawayeza BP ndi shuga, anapeza BP yatsika kwambiri ndipo madzi achepa m'thupi, n'kutitengera kuchipatala kumene anawaika diripi.

Adokotala, kudzera mwa mng'ono wanga amene ankamasulira pa foni, anafunsa mankhwala amene mayi amamwa. Mwa mapiritsi awo a BP munali aja okodzetsa, ndipo anatiuza kuti munthu womwa amenewo madzi amamuthera msanga pa kutentha kotere. Mayi anali atamwa tiyi yekha ndi kagawo ka buledi m'mawa, ndipo madzi ankawapewa dala poopa kusowa chimbudzi panjira. Akuluakulu athu ambiri amatero ndipo sanena. Ngati mukuyenda ndi kholo lanu, muziwapatsa madzi musanafunsidwe, ndipo akangoti zii osayankhula, imani. Mayina a mankhwala awo muwalembe papepala kapena muwajambule pa foni.

Kuchipatala anafunsanso pasipoti ndi inshuwalansi. Aliyense wotenga viza ya Schengen amayenera kukhala ndi inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, ndipo ambirife timaiona ngati pepala longothandiza kupeza viza. Lathu linali mu sutikesi ku Madrid. Mng'ono wanga analijambula n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo anaimbira kampaniyo nthawi yomweyo kuti atsegule nkhani yathu.

Anatitulutsa cha m'ma 8 koloko madzulo, kunja kukadali kowala. Sitima zotsala zinali zodzaza, ndipo kuwakweza basi mayi ali wefuwefu sindikanalola. Tinapeza chipinda m'kahotela kena mkati mwa mzinda wakale pa mayuro pafupifupi 90, ndalama imene sinali m'mapulani. Ndinalipira mtima ukuwawa. Mayi atagona pang'ono anadzuka n'kunena kuti ali ndi njala, ndipo mawu amenewo anandikhazika mtima pansi kuposa a adokotala.

Tinatuluka pang'onopang'ono cha m'ma 9 koloko kukafuna chakudya, nthawi imene eni dziko amayamba kudya chamadzulo. Mzinda unali utasintha. Magulu a alendo anali atabwerera ku Madrid, m'misewu munatsala eni mudzi, agogo atakhala pamabenchi, ana akusewera mpira pabwalo. Nsanja ya tchalitchi, yotalika mamita opitirira 90, inali itawalitsidwa ndi magetsi. Mayi anamwa supu, ine ndinadya carcamusas, nyama ya nkhumba yophikidwa ndi tomato ndi nsawawa m'kambale kadothi. Ndinamvetsa usiku umenewo chifukwa chake Toledo akuoneka wakale chonchi. Mfumu Philip II itasamutsira likulu ku Madrid mu 1561, chuma ndi anthu zinatsatira, ndipo panalibe wogwetsa nyumba zakale kuti amange zatsopano. Mu 1986 bungwe la UNESCO linaika mzinda wonse wakale pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Lolemba m'mawa mng'ono wanga anafika ndi sitima yoyambirira, atanyamula mankhwala ndi zovala. Mwini hotela anatiuza za Misa imene imachitika m'mawa cha m'ma 9 koloko m'kachipinda kopemphereramo ka Mozárabe, pakona ya tchalitchi chachikulu. Opita kukapemphera salipira. Misa imeneyi ndi ya mwambo wakale wa ku Spain, umene Akhristu anausunga nthawi yonse ya ulamuliro wa Asilamu. Utatsala pang'ono kuzimirira, Kadinala Cisneros anakhazikitsa kachipindaka cha m'ma 1500 kuti mwambowo usafe. Tinalipo anthu owerengeka. Mayi anasokonezeka poyamba chifukwa ndondomeko yake ndi yosiyana ndi imene anazolowera, moni wa mtendere umabwera msanga, pemphero la Ukaristia lisanayambe. Koma pofika pa Atate Athu, wansembe amanena chiganizo chimodzi, anthu n'kuyankha Amen, chinanso, Amen, mpaka kumapeto. Pamenepo mayi analowa nawo mokweza, misozi ili m'masaya. Potuluka anandigwira dzanja n'kuti, "Usadzidandaule za dzulo. Chimene ndinadzera ndachipeza."

Cha m'ma 10 koloko tinagula matikiti m'sitolo yoyang'anizana ndi khomo la alendo, pafupifupi mayuro 12 aliyense, n'kulowa magulu asanachuluke. Tchalitchichi chinayamba kumangidwa mu 1226, nthawi ya mfumu Ferdinand III, pamalo pamene panali mzikiti waukulu, ndipo chinatha mu 1493. M'litali ndi mamita 120. Mkati ndi mozizira, ndipo tinayenda mwa mayendedwe a mayi: kuona chimodzi, kukhala pansi, kumwa madzi. Kuseri kwa guwa lalikulu kuli chimene amachitcha El Transparente, ntchito ya Narciso Tomé yomalizidwa mu 1732. Pamalopo panali mdima, ndiye mmisiriyo anaboola denga n'kuika zenera, kuzungulira bowolo n'kuikapo angelo ndi oyera ojambulidwa ndi osemedwa, ena miyendo ili lendelende ngati akhala m'mphepete mwa kumwamba. Kuwala kumatsika kuchokera pamenepo kugwera pa miyala ya mabo ndi mkuwa. Ndinayang'ana m'mwamba mpaka khosi kuwawa. Mukayang'anitsitsa mudzaonanso zipewa zofiira zakutha zikulendewera pa zingwe. Ndi za makadinala, chilichonse pamwamba pa manda a mwini wake.

M'chipinda chovaliramo ansembe muli chithunzi china cha El Greco, cha Yesu akuvulidwa malaya asanapachikidwe. Mkanjo wake ndi wofiira kwambiri moti umakukoka uli pakhomo, anthu amuunjirira mbali zonse, ndipo pansi munthu wina akuboola mtanda, amayi atatu akuyang'ana pamene padzalowe msomali. Kwa ine chimenechi chinaposa cha ku Santo Tomé. Mipando yamatabwa ya oimba, ya m'munsi, yasemedwa nkhondo imene Akhristu analanda dera la Granada kwa Asilamu, mpando uliwonse mudzi wake. Ndipo m'chipinda cha chuma muli chotengera Ukaristia chimene Enrique de Arfe anapanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, chotalika kuposa munthu, chasiliva wokutidwa ndi golide. Si chongoonetsa alendo. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Ambuye amachitulutsa n'kuyenda nacho m'misewu. Mayi, amene amayala nawo nsalu ndi maluwa pa chaka chomwechi kwathu, anafunsa kuti amachinyamula bwanji, ndipo mng'ono wanga anawauza kuti chimayenda pa ngolo yake. Ku nsanja, kumene kuli belu lalikulu long'aluka lotchedwa Campana Gorda, sitinaganizeko n'komwe zokwera.

Tinatuluka dzuwa lisanakwiye n'kukwera takisi kupita ku San Juan de los Reyes, kumene tinalephera kufika dzulo lake. Zibangili zija zinali zikugwirabe ntchito popeza sitinazidule. Nyumba ya amonkeyi inamangidwa ndi mfumukazi Isabella ndi mwamuna wake, mfumu Ferdinand, pokumbukira nkhondo ya ku Toro ya mu 1476, ndipo pakhoma lakunja pakulendewera maunyolo a akaidi achikhristu amene anamasulidwa m'manja mwa Asilamu kummwera kwa Spain. Bwalo lake lamkati lili ndi mthunzi ndi mitengo, malo abwino opumira munthu wotopa. Koma Lolemba lili ndi vuto lakenso. Sunagoge ya El Tránsito, imene Samuel ha-Levi, msungichuma wa mfumu Pedro I, anamanga cha m'ma 1350, inali yotseka, chimodzimodzi nyumba yosungiramo ntchito za El Greco. Zonsezi sizitsegula Lolemba, ndipo sitinazione. Kamzikiti ka Cristo de la Luz, ka m'chaka cha 999, tinakasiya dala chifukwa kali pamtsetse. Wofuna kupeza zonse zotsegula asankhe pakati pa Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo ngati n'kotheka apite mu Epulo, Meyi kapena Okutobala. Nsapato zikhale zafulati, chifukwa miyala ya m'misewu ndi yoterera ndi yosalingana.

Popita ku siteshoni tinapempha woyendetsa takisi kuti adzere ku Mirador del Valle, kutsidya kwa mtsinje, kumene mzinda wonse umaoneka pamodzi ndi milatho yake. Anawonjezera ndalama pang'ono ndipo anatidikira mphindi zochepa. Mayi sanatsike, anaonera pa zenera.

Titawerengera, hotela, matakisi, chakudya ndi tikiti ya mng'ono wanga zinatidyera mayuro opitirira 200 pamwamba pa zimene tinakonza, ndipo zimenezo inshuwalansi sinabweze. Bilu ya kuchipatala inatitsatira pa imelo titabwerera kale kumudzi. Inshuwalansi inalipira, koma patapita milungu yambiri ndi makalata obwerezabwereza, ndipo anafuna lipoti la adokotala, pepala lotulutsira wodwala ndi umboni wa tsiku limene tinawaimbira koyamba. Mapepala amenewo muwapemphe musanatuluke pachipata cha chipatala, ndipo muwajambule pa foni pomwepo. Mayi anakaonana ndi dokotala wawo titafika, anawayeza n'kupeza kuti zonse zili bwino, ndipo anawauza kuti ulendo wina wa kotentha adzayambe adzera kwa iye kuti aonenso mapiritsi aja.